Fungo la galu m'nyumba: mwini nyumba salimva

Kumudzi galu ankathera pakhonde. Akangosuzumira pakhomo, wina ankakuwa kuti "Choka!" nkhani n'kuthera pomwepo. Ankagona paphulusa kuseri kwa khitchini kapena pansi pa nkhokwe, ndipo fungo lake linkapita ndi mphepo. M'tauni zinthu zasintha. Ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mupeza tiagalu taubweya wambiri titadzipinda pasofa, ndipo ngakhale galu wolondera, mvula ya mabingu ikayamba, ana amamulowetsa m'khitchini mozemba. Wanga amagona pakhonde la kuseri, koma masana amalowa n'kutuluka mmene wafunira.

Chovuta n'chakuti mwini galu fungolo salimva. Mphuno imazolowera fungo limene ikukhala nalo tsiku ndi tsiku. Amene amalimva ndi mlendo, ndipo mlendo waulemu sanena kanthu, amangokana tiyi. Mukafuna kudziwa zoona, tsiku limene mwachokapo kuyambira m'mawa, pobwera muime pakhomo ndi kukoka mpweya kamodzi musanalowe.

Ambiri akamva fungo amathamangira mankhwala opopera onunkhira. Ine ndimati n'kutaya ndalama, chifukwa pakapita kanthawi m'nyumba mumamveka maluwa ndi galu pamodzi. Fungo lili ndi pochokera. Khungu la galu limatulutsa mafuta oteteza ubweya, ndipo m'mafutamo mumakhala mabakiteriya ndi yisiti, zimene zimasiya zinthu zonunkha. Galu akakhala wouma fungolo limabisala. Akanyowa, madzi pouma amalinyamula n'kulimwaza m'nyumba yonse. N'chifukwa chake dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiyo nyengo yovuta, ndipo a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre amaonjezerapo masiku a chiperoni pamene chilichonse chimakana kuuma.

Koma fungo lambiri silikhala pagalu. Limakhala pamene amagona. Mafuta aja, malovu, ubweya wothothoka ndi matope a kumapazi zimaunjikana pachiguduli kapena pabulangete lake mlungu ndi mlungu. Mukamusambitsa n'kumubwezera pachiguduli chomwecho, mawa lake wabwerera mwakale. Choncho yambani ndi chogonera. Ine ndimasunga ziwiri, china chikamagwira ntchito china chili pachingwe, ndipo ndimachapa kamodzi pamlungu ndi madzi otentha. Thonje la matiresi akale, limene ambiri amapatsa galu pomumvera chisoni, ndilo loipitsitsa: limamwa chilichonse ndipo silichapika mpaka m'kati. Bola thumba kapena bulangete lakutha loti mungalifinye.

Poyanika pali msampha umene kuno kwathu tiyenera kuudziwa. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi umene wanyowapo ndi mkodzo, komanso pansalu zachinyezi. Timphutsi tikaswa timaboola khungu, ndipo pamatuluka zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Ana agalu ndiwo amavutika nazo kwambiri, koma ndi ana athu omwe. Chogonera cha galu musachiyanike pansi kapena paudzu. Chikwezeni pachingwe, padzuwa lenileni, chiume gwa, ndipo m'dzinja chisiteni monga timachitira ndi matewera. Anthu adzakusekani kuti mukusitira galu, sekani nawo.

Za pansi zimadalira nyumba. Matailosi savuta. Simenti yopanda polishi imamwa mkodzo, ndipo kapeti ndiye amasunga zonse. Mkodzo watsopano sununkha kwambiri. Umayamba kuswa mphuno mabakiteriya akausandutsa amoniya. Ndiye liwiro n'lofunika. Musafikire kukolopa, chifukwa chikolopa chimangoumwaza chipinda chonse. Ikanipo sanza kapena nyuzipepala, pondanipo kuti imwe, kenako tsukanipo ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Pakauma wazanipo soda, yemweyu wophikira therere, agone usiku wonse, m'mawa musese. Musathire soda ndi viniga nthawi imodzi. Thovu limene limatuluka limasangalatsa maso, koma ziwirizo zimaphana mphamvu. Soda wouma amathandizanso pasofa ndi pakapeti, bola galu asamunyambite. Ndipo tsukanipo ndithu mpaka fungo lithe, chifukwa mphuno ya galu imamva zimene ife sitimva, ndipo pamene pakumveka mkodzo wake amabwererapo.

Apa ndichenjeze za Jik, poti ndiye amene aliyense amayamba kugwira. Akakumana ndi amoniya wa mumkodzo, kapena ndi viniga, amatulutsa mpweya woipa umene umaotcha maso ndi m'chifuwa. Ngati mukufuna kumugwiritsa ntchito, yambani mwatsukapo ndi madzi ndi sopo, msungunuleni m'madzi ambiri, tsekulani mawindo, ndipo galu asapondepo mpaka pataumiratu. Mankhwala ena ophera tizilombo, aja amene amachita mbuu mukawathira m'madzi, ndi oopsa kwa ziweto zikawanyambita kumapazi, makamaka amphaka.

Mbale ya galu itsukidwe tsiku lililonse. Phala la gaga losakaniza usipa likagona m'mbale kunja kukutentha, fungo lake timanamizira galu.

Tsopano kusamba. Kwa agalu ambiri kamodzi pamwezi n'kokwanira, pokhapokha atagubuduka pachinthu chowola, zimene amazikonda mosachita manyazi. Kusambitsa pafupipafupi, makamaka ndi sopo waufa wochapira zovala, kumaumitsa khungu. Galu amayamba kudzikanda, pamabwera zilonda, fungo n'kuonjezeka. Shampu ya agalu imapezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto. Msambitseni m'mawa dzuwa likuwala, mutsukuluze mpaka thovu lithe, madzi asalowe m'makutu, ndipo mumupukute ndi thaulo lakelake. Mukatero mugwireni pachingwe pamalo oyera mpaka aume, apo ayi athamangira kufumbi mukuona. Chimene chimathandiza kuposa madzi ndi bulashi. Kumupesa panja kawiri kapena katatu pamlungu kumachotsa ubweya wakufa usanagwere pasofa, ndipo ndi pamene mumapeza nkhupakupa ndi utitiri. Thaulo lakale likhale pakhomo m'dzinja, lopukutira mapazi ndi kumimba asanalowe.

Pali fungo lina limene sopo sangalithe, ndipo limeneli ndilo ndimafuna eni agalu alitchere khutu. Galu wosambitsidwa bwino, wogona poyera, akayambanso kununkha pakangopita masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri ndi matenda. Nunkhizani m'makutu: ngati mukutuluka fungo lowawasa, muli zakuda, ndipo galu akupukusa mutu kapena kukanda khutu, muli matenda, makamaka kwa agalu a makutu ogwa amene salowa mphepo. Tukulani mlomo: mano okutidwa ndi zachikasu zolimba ndi nkhama zofiira ndiwo gwero la mpweya woipa wa m'kamwa. Khungu lothothoka ubweya, la nkhanambo, lingakhale mphere.

Palinso fungo la nsomba yowola limene limabwera mwadzidzidzi n'kutsalira pamene galu anakhala. Limachokera m'timatumba tiwiri tili m'mbali mwa potulukira chimbudzi. Timayenera kudzikhuthula tokha galu akamachita chimbudzi, koma nthawi zina timatsekeka, ndipo galu amayamba kukhwekhwereza matako pansi. Ambiri amati ndi njoka za m'mimba. Zingakhale njokazo, koma nthawi zambiri ndi timatumbati, ndipo a vetenale amatifinya kanthawi kochepa.

Choopsa kwambiri chimagwera galu wamkazi wosatseketsa. Pakapita milungu ingapo chithere nyengo yake yofuna amuna, chiberekero chikhoza kudzaza mafinya. Mukaona zonunkha zikutuluka kumaliseche, galu akumwa madzi kwambiri, wafooka ndipo akukana chakudya, musadikire kuti kuche kawiri, chifukwa matendawa amapha. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo m'maboma ena yambirani ku ofesi ya zaulimi mufunse alangizi a ziweto. Popita mutenge kabuku kake ka katemera, kuti aonenso ngati wa chiwewe sanathe nthawi.