Banda wa ku Sanjika ndi Banda wa kwa Sosola

Mukatchula dzina la Banda pa depoti ya Balaka, musayembekezere kuti anthu aganiza za Ngwazi. Kuno dzinali limayamba lakumbutsa anthu magitala.

Paul Banda ndiye adatsegula njira. Iye adali mtsogoleri wa Alleluya Band, gulu lomwe lidabadwira ku parishi ya Akatolika ya Balaka mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. Mng'ono wake, Lucius, wobadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola, adaphunzirira kuimba m'gulu lomwelo asadayambitse Zembani Band.

Pamene Alleluya Band inkayamba, dziko lidali m'manja mwa Banda wina, Ngwazi Hastings Kamuzu wa ku Kasungu, yemwe adalamulira kuyambira 1964 kufikira 1994. Pachibale panalibepo. Banda ndi mfunda waukulu, ngati Phiri, ndipo umapezeka kwa Achewa, kwa Atonga a ku Nkhata Bay ngakhalenso ku Zambia, komwe Rupiah Banda adakhala pulezidenti mu 2008. Chodabwitsa n'chakuti mnyamata wa kwa Sosola ndi mmodzi mwa omwe adaimba poyera za nkhanza za ulamuliro wa mnzake wa mfunda umodzi. Nyimbo ya Lucius ya Mabala idakumbutsa anthu zowawa za nthawi ya chipani chimodzi, ndipo dzina loti Soja lidamukhala mpaka imfa.

Yemwe adagonjetsa Kamuzu pachisankho cha 1994 adali Bakili Muluzi wa kwa Kapoloma ku Machinga, boma lomwe Balaka idali mbali yake kufikira 1998. Lucius adalowa UDF ya Muluzi, nasankhidwa kukhala phungu wa Balaka North mu 2004. Ndale sizidamukomere nthawi zonse: mu 2006 adakalowa kundende ya Zomba pa mlandu wa satifiketi ya MSCE, mpando n'kumuchoka, ngakhale khoti lalikulu lidamumasula atachita apilo.

Adabwerera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, pachisankho chomwe Joyce Banda adataya upulezidenti. Mayiwo, tisaiwale, dzinalo adalitengera kubanja. Kwawo ku Zomba ndi a Mtila.

Kamuzu adamwalirira ku Johannesburg mu 1997, ndipo Lucius adatsikira kulichete mumzinda womwewo pa 30 June 2024. Dzina la Kamuzu lili pa bwalo la ndege, chipatala ndi sitediyamu. Za Lucius zatsala m'nyimbo zomwe zimalirabe m'maminibasi ndi pamaukwati, ndipo khonsolo ya Balaka ichite manyazi ngati silingalira zomukumbukira moyenera.