Chiwindi Sichidandaula Msanga

Mu 1982, katswiri wa mafilimu wa ku India, Amitabh Bachchan, anavulala koopsa m'mimba akujambula filimu ya Coolie. Anthu anakhamukira kuchipatala kukapereka magazi kuti apulumuke, ndipo anapulumukadi. Tsoka ilo, ena mwa magaziwo anali ndi kachilombo ka hepatitis B. Mkuluyu anabwerera kuntchito, kumavina ndi kuthibula zigawenga m'mafilimu, osadziwa kanthu. Panadutsa zaka pafupifupi 20 madokotala asanamupeze ndi kachilomboka, ndipo mwini wake wakhala akunena poyera kuti magawo atatu mwa anayi a chiwindi chake anali atawonongeka kale. Ndi kagawo kotsalako wapyola zaka 80 akugwirabe ntchito. Mu 2017 bungwe la WHO linamusankha kukhala kazembe wake pa nkhani za matendawa m'chigawo china cha Asia.

Munthu angafunse: zimatheka bwanji chiwalo kuwonongeka motere mwiniwake akudya ndi kugona bwinobwino?

Aliyense amene anasendapo mbuzi amachidziwa chiwindi, chija chofiirira, choterera, chokhala ndi kathumba ka ndulu kamene wosenda amachotsa mosamala kuopa kuwawitsa nyama. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala kuseri kwa nthiti za kudzanja lamanja. Chimasefa magazi ochokera m'matumbo, chimapanga ndulu yogayira mafuta, chimasunga shuga, chimapanga zothandiza magazi kuundana munthu akadzicheka, chimaphwanya mowa ndi mankhwala. Chikavulala chimadzikonza chokha, ndipo ngakhale kagawo kochepa kamakwanitsa ntchito ya thupi lonse. Kulimba kumeneku ndiko kumapusitsa anthu. Dzino likangobooka pang'ono munthu sagona, koma chiwindi chimapirira zaka makumi awiri kapena atatu, zipsera zikuchuluka, mpaka chimauma ndi kukhwinyata. Pomadzatulukira maso achikasu ndi mimba yodzaza madzi, nthawi zambiri zinthu zimakhala zitafika kale patali.

Mawu akuti hepatitis amatanthauza kutupa kwa chiwindi. Tizilombo toyambitsa kutupaku tilipo tisanu, kuyambira A mpaka E. Ka A ndi ka E timalowa kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi. Ambiri amachira okha, ngakhale ka E n'koopsa kwa amayi oyembekezera. Ka D sikakhala kokha, kamatsamira pa ka B. Tokhalitsa m'thupi ndi kupha anthu ambiri ndi ka B ndi ka C. Malinga ndi WHO, mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, 50 miliyoni anali ndi hepatitis C, ndipo 1.3 miliyoni anamwalira chaka chimenecho. Mwa a hepatitis B aja, pafupifupi 65 miliyoni anali mu Africa muno.

Kuno ku Malawi vuto lalikulu ndi B. Pakati pa 2016 ndi 2018 ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza magazi a anthu pafupifupi 6,000 ku Ndirande mu Blantyre. Mwa akulu 100 aliwonse, asanu anapezeka ndi kachilomboka. Ndiye kuti m'tchalitchi cha akulu 200, khumi ali nako, ndipo ambiri mwa iwo sakudziwa. Koma mwa ana obadwa katemera atayamba, atatu okha pa 1,000 aliwonse ndi amene anali nako. Katemerayu anafika kusikelo mu 2002, ataphatikizidwa mu jakisoni wa pantchafu uja woteteza ku matenda asanu, amene mwana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Amayi ambiri amene anapirira kulira kwa khanda usiku wa tsiku la jakisoniyo sanadziwe kuti akuliteteza ku khansa ya chiwindi. Amene anabadwa 2002 isanafike mwayi umenewu unawaphonya, ndipo ndi iwowa ayenera kuyamba kuganiza zokayezetsa.

Pali chinthu chimodzi chimene chikadamveka bwino chikadapulumutsa mabanja ambiri. Hepatitis B imapatsirana kudzera m'magazi ndi pogonana, inde, koma ambiri amene ali nayo mpaka kalekale anaitenga ali makanda: kwa mayi awo pobadwa, kapena kwa ana anzawo kudzera m'zilonda ndi timabala. Khanda likatenga kachilomboka, mwa khumi aliwonse asanu ndi anayi amakhala nako moyo wonse. Wamkulu akakatenga, thupi limakagonjetsa lokha pafupifupi nthawi zonse. Osakwana asanu pa 100 ndi amene amatsala nako. Choncho mwamuna amene wamva kuti mkazi wake wapezeka nako kusikelo ya amayi oyembekezera, asathamangire kwa ankhoswe ndi mlandu wa chigololo. Mwina mkaziyo wakhala nako chibadwire.

Kachilomboka n'kolimba: kamakhala kamoyo m'magazi ouma pa lezala kwa masiku asanu ndi awiri kapena kuposerapo. Lezala imodzi yotemera mphini banja lonse, mpeni umodzi wodulira anyamata angapo, singano yoboolera makutu, mswachi wobwerekana, zonsezi ndi njira. Koma kudyera mbale imodzi, kusamba m'manja m'beseni limodzi, kupatsana moni, kukhosomola kapena kulumidwa ndi udzudzu sikufalitsa matendawa. Wodwala amene am'patulira kapu ndi sipuni yakeyake amangomuzunza chabe.

Nanga wapezeka nako, achite chiyani? Ambiri amamva nkhaniyi mwadzidzidzi, mwina atapita kukapereka magazi, popeza Malawi Blood Transfusion Service imayeza magazi onse ngati ali ndi HIV, hepatitis B ndi C, komanso chindoko. Choyamba n'kudziwa kuti si aliyense wopezeka nako amene amayamba mankhwala. Achipatala amayang'ana kaye ngati chiwindi chikupweteka, poyeza chinthu china cha m'magazi chotchedwa ALT, kuwerenga tizigawo toundanitsa magazi, ndipo kumene zipangizo zilipo amayeza kuchuluka kwa tizilombo ndi kujambula chiwindicho. Wina amauzidwa kuti azingobwera kudzaonedwa. Ameneyu ndiye amakonda kusowa, poti sakumva kuwawa paliponse, chonsecho kachilombo kogona kamatha kudzuka chaka china chilichonse.

Amene akufunika mankhwala amapatsidwa tenofovir kapena entecavir, mbulu umodzi patsiku. Mankhwalawa sachotseratu kachilombo koma amakapanikiza, chiwindi n'kupeza mpata wodzikonza, ndipo chiopsezo cha khansa chimatsika. Ambiri amamwa moyo wonse. Dzina la tenofovir si lachilendo kuno: ali m'ma ARV amene anthu ochuluka akumwa, limodzi ndi lamivudine ndi dolutegravir. Munthu amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi amakhala akulimbana ndi zonse ziwiri ndi mbulu womwewo. Chenjezo lake ndi lakuti kusiya mwadzidzidzi kungachititse kuti kachilombo ka B kabuke mwaukali mpaka chiwindi kulephera. N'chimodzimodzi kwa amene akumwa mapiritsi a PrEP oteteza ku HIV, chifukwa namonso muli tenofovir.

Hepatitis C ndiye inapezeredwa mankhwala ochiziratu. Mapiritsi monga sofosbuvir ndi daclatasvir, kumwa masabata 12, amachiza anthu oposa 95 pa 100 aliwonse. Dziko la Egypt, kumene matendawa anafala kwambiri chifukwa cha majakisoni osaphitsa bwino pa nthawi yolimbana ndi likodzo zaka za m'mbuyomo, linayeza anthu mamiliyoni makumimakumi kuyambira 2018 n'kuchiza opezeka nawo, ndipo mu 2023 WHO inalitchula kuti ndi dziko loyamba kufika pa mlingo wapamwamba pa njira yothetsa matendawa.

Mankhwala ndi mbali imodzi chabe. Chiwindi chimene chikulimbana kale ndi kachilombo sichifuna mdani wachiwiri, ndipo mdani wina amabisala pamalo posayembekezeka: m'lichero la mtedza.

Taonani zimene zimachitika pakhonde nthawi yokolola. Mtedza wauma, makoko alimba, zala zikupweteka, ndiye wina amawaza madzi kuti usavute kusenda. Ukasendedwa amausankha: wonenepa, wosalala, umalowa m'thumba la kumsika, wokhwinyata, wosweka, wothimbirira, umatsala pakhomo kuti ausinje nsinjiro zotendera mpiru ndi zothira m'phala la mwana. Mtedza wotsalawu ndi umene kawirikawiri umakhala ndi chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Chuku chomwechi chimagwiranso chimanga chosauma bwino kapena choboola anankafumbwe. Poizoniyu anadziwika pambuyo poti nkhukundembo zoposa 100,000 zafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga cha chuku. Koma kupha kwake kwenikweni n'kwa pang'onopang'ono: aflatoxin amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi chiopsezocho chimachulukana kambirimbiri. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Chothandiza n'kuumitsa mbewu mokwanira osati padothi, kusawaza madzi posenda, kusunga matumba pamalo ouma osagunda pansi, ndi kutaya mtedza woipawo. Kutaya chakudya kumawawa, makamaka chaka cha njala, koma mbale ya nsinjiro zoterezi si phindu.

Za mowa n'zosachita kukambirana. Kwa munthu wa hepatitis B kapena C palibe mlingo wabwino, kaya ndi kachasu, masese, kapena wa m'botolo wokwera mtengo. Chiwindi sichiona chizindikiro cha pabotolo.

Mankhwala a pagolosale nawo amafuna maso. Paracetamol ndi wabwino pa mlingo wake, koma wamkulu wathanzi asapyole mapiritsi asanu ndi atatu a 500mg patsiku, ndipo wa chiwindi chofooka amauzidwa kumwa ochepera apo. Msampha wake ngwakuti amapezekanso m'mankhwala ambiri a chimfine, moti munthu amamwa kawiri osadziwa. Ibuprofen ndi anzake ndi oopsa kwa amene chiwindi chinauma kale. Ena mwa mankhwala a TB amalemetsanso chiwindi, choncho wodwala auze adokotala za hepatitis yake asanayambe. Ndiye pali mabotolo aja ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, olembedwa kuti amatsuka chiwindi. Chiwindi si poto. Chilichonse chimene munthu wameza chimakafikira komweko, ndipo zosakaniza zosadziwika mlingo zagonekapo anthu m'chipatala.

Okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo a mpunga ali ndi china chowonjezera. Likodzo la m'matumbo limaikira mazira m'mitsempha ya chiwindi n'kusiya zipsera, ndipo ena amafika posanza magazi. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'masukulu ndi m'midzi ndi chitetezo cha chiwindinso. M'tauni vuto likukula ndi la mafuta ounjikana m'chiwindi chifukwa cha kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga.

Zizindikiro zina sizidikira kuti kuche: maso kapena zikhatho zachikasu, mkodzo woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, mimba ndi miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena munthu kuyamba kusokonezeka ndi kuodzera masana. Mimba yotupa anthu amafulumira kuitcha zolodzedwa, ndipo masabata amene amathera poyendayenda ndi omwe achipatala akanagwiritsa ntchito.

Mmodzi akapezeka ndi kachilombo ka hepatitis B, nyumba yonse iyezetse: mkazi kapena mwamuna wake, ana, abale a bere limodzi, ndi mayi ngati alipo. Amene alibe kachilomboka abayitse katemera, majakisoni atatu, ndipo chitetezo chake chimakhala zaka zambiri. Kwa mayi woyembekezera amene ali nako, nkhondo yeniyeni ili pa tsiku lochira. WHO imalangiza kuti khanda lilandire katemera woyamba wa hepatitis B pasanathe maola 24 chibadwire, chifukwa kudikira jakisoni wa masabata asanu ndi limodzi kumapatsa kachilombo nthawi yokhazikika. Ngati mayiyo ali ndi tizilombo tochuluka m'magazi, amapatsidwa tenofovir mimba isanafike kumapeto. Ndi nkhani yoti aifunse kusikelo mimba ikadali yaing'ono, n'kudziwiratu kumene katemerayo akapezeke tsiku lobereka. Mwana akabadwa, ayamwe bere la mayi wake monga ana ena onse.