Nsingo ndi a ku Taiwan Anagwa ndi Mfuti Zofanana

Alimi a ku Namitete ndi ku Nsaru, msewu wa ku Mchinji umene mumadutsitsamo fodya wanu umaloza kudera kumene kunachitika nkhondo imene ndikufuna tiikumbukire.

Mu Januwale 1898, asilikali a Angerezi ochokera kudziko limene lero ndi Malawi anathira nkhondo Angoni a mfumu Mpezeni, kufupi ndi Chipata wa lero. Azungu ankaganiza kuti m'deralo muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera ankhondo a mikondo ndi zishango, koma mfuti zolavula zipolopolo zinawaposa. Nsingo anawomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unazilala mpaka 1980.

Ndimaiyerekeza nkhaniyi ndi ya ku Taiwan. Mu 1895 China inapereka chilumbachi kwa Japan, koma eni nthaka anakana, nakhazikitsa boma lawolawo la Formosa. Japan inawagonjetsa pa phiri la Baguashan mu Ogasiti, ndipo mzinda wa Tainan unagwa mu Okutobala. Ulamuliro wa Japan unatha mu 1945.

Kwa ine, kulimba mtima kunalipo kwa Angoni ndi kwa a ku Taiwan omwe. Chimene chinasowa ndi zida ndiponso anzawo owathandiza.