Chipangizo Choimbira Chikagulitsidwa, Laisensi ya Pulogalamu Imatsala ndi Ndani?

Achinyamata ambiri amene akutsegula masitudiyo ojambulira nyimbo m'malo ochitira malonda a m'boma lino amayamba ndi zipangizo zakaunjika: kompyuta, kiyibodi ndi saundikhadi zotumizidwa ndi abale kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, mwinanso zogula kwa mnzawo amene wasiya ntchitoyi. Nthawi zambiri wogulitsa amakweza mtengo ponena kuti m'kompyutamo muli kale mapulogalamu ojambulira nyimbo. Apa ndi pamene ndalama za wogula zimalowera m'madzi.

Pulogalamu sigulidwa monga agulira gitala. Chimene munthu amalipira ndi laisensi, ndiko kuti chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chimalembedwa pa akaunti yake ku kampani imene inapanga pulogalamuyo. Kompyuta ikapita kwa munthu wina, laisensi imatsala m'dzina la mwini wake woyamba. Zonse zikhoza kuyenda bwino kwa miyezi ingapo, koma tsiku limene kompyuta yawonongeka n'kuikidwa Windows yatsopano, pulogalamu ija imafunsa imelo ndi mawu achinsinsi a munthu amene mwina foni yake inasiya kalekale kupezeka. Situdiyo imaima, pamene makwaya amene analipira kale akudikira nyimbo zawo.

Makampani ali ndi malamulo osiyana pa nkhaniyi. Ableton imalola mwini laisensi kuisamutsira kwa munthu wina kudzera pa akaunti yake. Ku Native Instruments, wogulitsa amachotsa katunduyo pa akaunti yake n'kupatsidwa nambala yosamutsira, imene wogula amakalemba pa akaunti yakeyake. Koma Image-Line, kampani ya ku Belgium imene imapanga FL Studio, pulogalamu yokondedwa kwambiri ndi ojambula nyimbo m'dziko muno, silola kuti laisensi yake igulitsidwenso. Choncho wonena kuti akugulitsa kompyuta pamodzi ndi FL Studio akulipiritsa chinthu chimene alibe mphamvu yochipereka.

Palinso iLok, kachipangizo konga fulashi kamene kamasunga malaisensi a mapulogalamu monga Pro Tools. Kulandira kachipangizoka m'manja sikutanthauza kuti malaisensi asintha mwini. Kusamutsa kumachitika pa intaneti, kuchoka pa akaunti ina kupita pa inzake, ndipo pamakhala ndalama yolipira m'madola. Mapulogalamu aulere amene amabwera ndi saundikhadi yatsopano nawonso kawirikawiri amathera kwa woyamba kuilembetsa.

Mu 2012, khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle kuti laisensi yogulidwa kotheratu ikhoza kugulitsidwanso. Chigamulochi ndi cha maiko amenewo. Sichiteteza wogula wa kuno. M'Malawi, lamulo la zokopera la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta monga litetezera nyimbo, ndipo n'zachisoni kuti oimba ena amene amadandaula za kuberedwa nyimbo amajambula ndi mapulogalamu akuba.

Wogula wanzeru amapempha kuti wogulitsa atsegule akaunti yake iye akuona, asamutse laisensi, ndipo amalipira pokhapokha dzina la pulogalamu litaoneka pa akaunti yake. Magulu a achinyamata amene akugula zipangizo ndi ngongole kapena ndalama zosonkherana ayenera kutsegula imelo ya gulu n'kulembetsa malaisensi onse pamenepo, kuti membala mmodzi akachoka asapite ndi situdiyo m'thumba.