Chitsulo n'chako, dzina n'la eni: milandu ya galimoto zakale za ku America

Mu 1968 kampani ya Plymouth ya ku America inatulutsa galimoto yomwe hutala yake inkalira ngati mbalame ya m'katuni. Mbalameyo ndi Road Runner, ija imaliwonetsa liwiro m'chipululu, chilombo chonga nkhandwe chili pambuyo koma osaigwira. Akuluakulu a Plymouth ankafuna galimoto yotsika mtengo, yosaposa madola 3,000, yopanda zokometsera zambiri koma ya injini yaukali, ndipo anaona kuti dzina la mbalameyi likuikhala bwino. Koma mbalameyo inali ndi eni ake. Anakagogoda kwa Warner Bros., n'kulipira madola 50,000 kuti aloledwe kugwiritsa ntchito dzinalo ndi chithunzi chake. Ena 10,000 analowa pokonza hutala ija. M'chaka choyamba chokha, galimotozi zinagulidwa pafupifupi 45,000.

Galimoto za mtundu umenewu Achimereka amazitcha muscle car. Zimakhala za zitseko ziwiri, injini yaikulu ya V8, ndipo mawilo akumbuyo ndiwo amakankha. Ambiri amati inatsegula njira ndi Pontiac GTO ya 1964, kenaka kunabwera Dodge Charger, Chevrolet Chevelle SS, Plymouth Barracuda, komanso abale ake ocheperako thupi, Ford Mustang ndi Chevrolet Camaro. Nyengo yake sinatalike. Pofika 1973 mafuta anali atakwera mtengo, inshuwalansi itadula, malamulo oletsa utsi atakhwima, basi phwando n'kutha. Zomwe zinatsala lero anthu amazifukula m'mashedi ndi m'minda, n'kuzikonza kwa zaka, ena n'kumaziyendetsa Lamlungu lokha, ena n'kukazigulitsa ku okushoni. Pomwe pali ndalama zotere maloya sasowa, ndipo zambiri zomwe amakanganirana si injini ayi, koma tizilembo tachitsulo tomatidwa pa boneti ndi pambali.

Pontiac nayo inabwereka dzina. Trans-Am unali mpikisano wa galimoto womwe bungwe la Sports Car Club of America linayambitsa mu 1966. Pontiac itafuna kutcha Firebird yake yamphamvu dzina lomweli mu 1969, inagwirizana ndi bungweli kuti izipereka madola 5 pa galimoto iliyonse yogulitsidwa. Chaka chimenecho zinapangidwa 697 zokha, ndalama yosaoneka n'komwe. Koma filimu ya Smokey and the Bandit itatuluka mu 1977, Burt Reynolds akuuluka ndi Trans Am yakuda, anthu anachita kuilimbirana, moti mu 1979 zinagulidwa zoposa 117,000. Mukawerengetsera pa madola 5 aja, ndi ndalama zoposa theka la miliyoni pa chaka chimodzi, bungwelo osamanga ngakhale bawuti imodzi. Pontiac inatsekedwa mu 2010, koma dzina la Trans Am silinafe nayo, poti silinali lake.

Lamulo lomwe likugwira ntchito apa ndi la trademark, ndipo ku America limatchedwa Lanham Act, la 1946. Cholinga chake n'chakuti wogula asapusitsidwe. Akaona kavalo wothamanga wa Mustang kutsogolo kwa galimoto, adziwe kuti katunduyo wachokera kwa Ford kapena kuti Ford wamuvomereza. Ufulu umenewu sutha ndi zaka bola mwini wake akuugwiritsa ntchito. Akangousiya kwa zaka zitatu zotsatizana, lamulo limayamba kuganiza kuti wautaya, ndipo wina atha kuutola.

Ford inalawa zimenezi. GT40 ndi galimoto yampikisano yomwe inagonjetsa Ferrari pa mpikisano wa Le Mans kuyambira 1966 mpaka 1969, koma dzinalo linadzakhala m'manja mwa ena, mpaka linafika kwa kakampani ka masipeya ka ku Ohio kotchedwa Safir GT40 Spares. Mu 2002 Ford inaonetsa galimoto yatsopano yotengera ija yakale, itaitcha GT40. Zokambirana za mtengo wa dzinalo sizinaphule kanthu, ndipo galimotoyo inalowa pamsika ikungotchedwa Ford GT.

N'chifukwa chake makampaniwa saleka kumata mayina akale pa zipewa, malaya, tigalimoto toseweretsa ana ndi zikwangwani zopachika m'galaja. Ndi malonda ndithu, koma ndi umboninso wakuti dzinalo likadali pantchito.

Kwa munthu wokonza galimoto, nkhaniyi imamupeza pa masipeya. Camaro ya 1969 yomwe yakhala pamtetete zaka 30 imapezeka pansi patabooka ndi dzimbiri, mipando itadyedwa ndi makoswe, tizizindikiro titagwa kalekale. General Motors inasiya kupanga zinthu zimenezi. Amene amapanga ndi makampani ena, koma pa bokosi pamakhala chidindo cholembedwa kuti GM Restoration Parts, kapena cha Ford chosonyeza kuti katunduyo ali ndi laisensi, kapena cha Mopar ngati ndi za Dodge ndi Plymouth. Wopangayo amadula kandalama pa chilichonse chomwe wagulitsa, ndipo mwini dzina amakhala ndi mphamvu yoyesa katunduyo ndi kumukana. Bampa yopanda chilembo, kawirikawiri aliyense atha kuumba. Mlandu umayambira pa kachizindikiro. Kampani ya Dynacorn ya ku California inafika pomapanga bodi yonse yatsopano ya Mustang ya 1967 ndi Camaro ya 1969 ndi chilolezo cha eni ake, moti munthu atha kumanga galimoto yooneka ya 1967 yopanda chitsulo ngakhale chimodzi cha chaka chimenecho. Mu 2015 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola makampani ang'onoang'ono kugulitsa galimoto zathunthu zotengera zakale zosaposa 325 pa chaka. Galimoto yotengeredwayo iyenera kukhala ya zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo wopangayo akhale ndi chilolezo cha mwini wake.

Dzina ndi losavuta kuteteza. Maonekedwe a galimoto ndiye nkhani ina, ndipo amene anaphunzira izi mowawa ndi a Carroll Shelby, mkulu wa ku Texas yemwe anapambana ku Le Mans mu 1959 asanayambe kupanga galimoto zawo. Mu 1962 anatenga bodi yopepuka ya kampani ya AC ya ku England, n'kuikamo V8 ya Ford, n'kutuluka Cobra. Okonda kusankha mawu amati Cobra si muscle car, koma anthu ake ndi omwewo ndipo ndalama zake ndi zomwezo. Zenizeni zinapangidwa pafupifupi 1,000 zokha. Zokopera zake, zambiri za bodi ya fayibala zomwe munthu amalumikiza yekha kunyumba, zinachuluka kuposa pamenepo kutalitali. Mu 2000 a Shelby limodzi ndi Ford anasumira kampani ya Factory Five Racing ya ku Massachusetts, ndipo nkhaniyo inatha mu 2002 pomwe kampaniyo inavomera kusiya mayina a Cobra ndi Shelby, koma n'kupitiriza kupanga galimoto ya maonekedwe omwewo. Pa mlandu wina, wa kampani ya Superformance, woweruza anagamula chaka chomwecho kuti a Shelby alephera kutsimikizira kuti wogula akaona maonekedwewo amaganiza kuti galimotoyo yachokera kwa iwo. Zokopera zinali zitakhala pamsewu zaka zambiri popanda woziletsa.

Galimoto za Superformance zimapangidwa kuno kummwera kwa Africa, ku fakitale ya Hi-Tech Automotive mumzinda wa Gqeberha, womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth, n'kumatumizidwa ku America zopanda injini. Patapita zaka zochepa, mbali ziwirizi zinagwirizana, ndipo Superformance inayamba kugulitsa galimoto zake ndi laisensi ya Shelby. Inawina mlandu, komabe inaona kuti kulipira dzinalo kukuipindulira, chifukwa wogula amalolera kuwonjezerapo akamva kuti galimotoyo eni ake aidalitsa.

Mlandu womwe wakokedwa nthawi yaitali kuposa yonse ndi wa Eleanor. Mu 1974 a H.B. Halicki anajambula filimu ya Gone in 60 Seconds, yonena za mbava zomwe zapatsidwa ntchito yoba galimoto 48, iliyonse itapatsidwa dzina la mkazi kuti apolisi asatulukire. Eleanor inali Mustang yachikasu. A Halicki anafa pangozi mu 1989 akujambula gawo lachiwiri, ndipo umwini unatsalira akazi awo, mayi Denice Halicki. Filimuyi itajambulidwanso mu 2000, Nicolas Cage ali patsogolo, Eleanor inasintha kotheratu. Inakhala Mustang ya 1967 yovekedwa ngati Shelby GT500, yotuwa, ya mizere iwiri yakuda yodutsa pamwamba, nyali ziwiri zili pakati kutsogolo, utsi ukutulukira m'mbali. Imeneyi ndiyo inapengetsa anthu. Imodzi mwa galimoto za mufilimuyo inagulidwa madola 1 miliyoni ku okushoni mu 2013, ndipo magalaja ambiri anayamba kusandutsa ma Mustang akale kukhala Eleanor.

A Shelby anapereka laisensi kwa kampani ina ya ku Texas kuti izipanga galimoto yotere, poti GT500 ndi dzina lawo. Mayi Halicki anawasumira mu 2004, poti Eleanor ndi yawo. Mfundo yawo inali yochenjera. Sanadalire trademark yokha, koma anati Eleanor ndi mtengambali wa mufilimu, ngati munthu, ndipo imatetezedwa ndi copyright, lamulo lija limateteza nyimbo ndi mabuku. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Trademark imakuletsa kumata dzina. Copyright imakuletsa kukopera chinthucho, ngakhale usachitche dzina lililonse.

Maganizowa anapata mphamvu mu 2015, pomwe khoti la apilo la Ninth Circuit linagamula kuti Batmobile, galimoto ya Batman, ndi mtengambali wotetezedwa, ndipo mwini galaja yemwe ankagulitsa zokopera zake analuza kwa DC Comics. Okonza galimoto anagwidwa mantha. Mu 2020 tchanelo ya pa YouTube yotchedwa B is for Build inkaonetsa ntchito yoveka bodi ya 1967 pa Mustang ya 2015 kuti ituluke Eleanor. Maloya atalowererapo, mavidiyo onse anachotsedwa ndipo galimoto yosathayo inaperekedwa kwa a mbali ya Halicki. Kunena zoona, apa panalibe wogula aliyense amene akanapusitsidwa, ndipo kulanda munthu galimoto yomwe akudzimangira kunali kupyola muyeso.

Chaka chomwecho kampani yosamala mayina a Shelby, eni ake atamwalira kale mu 2012, inabwerera kukhoti. Mu 2022 woweruza anagamula kuti Eleanor si mtengambali, ndipo mu May 2025 khoti la Ninth Circuit linagwirizana naye. Oweruza anati Batmobile ili ndi makhalidwe omwe sasintha, monga zida zake ndi ntchito yake yothandiza kugwira zigawenga. Eleanor ilibe. Mufilimu ina ndi yachikasu, mu ina ndi yotuwa, siyankhula, siganiza, siyenda yokha. Ndi katundu chabe wogwiritsa ntchito pojambula. Chigamulochi chinakhudza copyright, osati mayina. Wofuna kugulitsa galimoto italembedwa Shelby kapena GT500 akuyenerabe kupita kwa eni mayinawo.

Pali mbali ina yomwe makampani salowererapo kwenikweni, koma ndi pomwe anthu wamba amalirira. Munthu atha kugula Pontiac LeMans wamba, n'kuimata zizindikiro za GTO, kapena Barracuda ya injini yaing'ono n'kuiveka ngati Hemi 'Cuda. Galimoto zotere amazitcha clone kapena tribute, ndipo palibe amamuvutitsa ngati akuyendetsa yekha kapena akunena zoona pogulitsa. Chiyeso chimabwera ndi mtengo. Hemi 'Cuda yotsegula pamwamba ya 1971, imodzi mwa zosakwana 15 zomwe zinapangidwa, inagulidwa madola 3.5 miliyoni ku okushoni ya Mecum mu 2014, pamene yovekedwa chabe sifika ngakhale pafupi. Ena amafika pochotsa kachitsulo ka nambala ya galimoto, kotchedwa VIN, pa chiphapha chowola cha galimoto yosowa n'kukamata pa bodi ina. Kumeneko sikulinso kukangana za dzina, ndi mlandu wa kundende.

Ogula odziwa sakhulupirira zomata. Wa Ford amaitanitsa Marti Report, chikalata chochokera m'kaundula wa fakitale kuyambira 1967, chomwe kampani yochitulutsa nayonso ili ndi laisensi ya Ford. Wa Pontiac amalembera a Pontiac Historic Services. Wa Dodge kapena Plymouth amawerenga kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi injini, komanso amafunafuna pepala la ku fakitale lomwe antchito ankalisiya pansi pa mpando. Kenaka amagwada ndi tochi n'kuona ngati nambala yodindidwa pa injini ikugwirizana ndi ya galimotoyo. Amene mukufuna kuitanitsa galimoto yotere kuchokera ku America kapena ku South Africa, yambani mwafunsa mapepala amenewa musanatumize ndalama.