Kulimba kwa Fila ndi Penti pa Galimoto Yokonzedwa

M'magalaji a ku Chipata, galimoto yophwanyika imayamba yawongoledwa ndi nyundo, kenako malo amene atsala okumbika amamatidwa ndi fila, phala la utomoni wa polyester ndi ufa wa talc, lomwe limauma m'mphindi zochepa likasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa. Kulimba kwake kumadalira makulidwe, pakuti fila yopitirira mamilimita 6 imang'ambika msanga galimoto ikamagwedezeka pamsewu wa ku Lundazi, makamaka dzuwa la Okutobala likatenthetsa chitsulo n'kuchifutukula.

Choopsa kwambiri ndi chinyezi. Fila imamwa madzi, choncho ngati mmisiri sanapale dzimbiri mpaka chitsulo kuwala, kapena wathamangira kupopera penti osayamba wapaka primer, womwe ndi utoto woyamba wotseka timabowo, mvula ya Novembala mpaka Epulo imalowerera pansi pa penti ndipo pentiyo imatuluka matuza. Ntchito yosamalidwa imatha zaka zambiri, pamene yothamangira imaonekera poyera m'dzinja loyamba lomwe.

Wogula galimoto yakale ayendetse maginito pazitseko ndi m'mbali mwake, chifukwa pamene maginito sakugwira chitsulo pangakhale fila yochindikala.