KU TETE KULI ZAKALE ZOFUNIKA KUONA

Anthu ambiri a m'boma la Chifunde amapita ku Tete pa zifukwa zitatu: chipatala, mapepala a boma ndi msika. Akangomaliza amathamangira chapa, osadziwa kuti asiya m'mbuyo mbiri yawo yomwe.

Mzindawu, umene akuluakulu amautcha Nyungwe, ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri m'Mozambique. Apwitikizi anakhazikikapo m'zaka za m'ma 1530, atapeza amalonda achisilamu akugula kale golide ndi minyanga.

Wochokera ku Cassacatiza amalowa mumzinda podzera pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamalizidwa m'chaka cha 1973. Wina wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera azidzera kumeneko.

Pafupi ndi mtsinje wa Zambezi pali linga la São Tiago Maior ndiponso tchalitchi chakale cha dzina lomwelo. Makoma a lingalo sanamangidwire kukongola ayi. Ankateteza malonda a golide, minyanga ndi akapolo, ndipo zina mwa izi zinkachokera kumpoto kwa mtsinje, m'dziko la Undi, kumene kuli midzi ya Chifunde lero.

Ku Tete ndi kumene Francisco de Lacerda ananyamukira mu 1798 pa ulendo wa kwa Kazembe, nadutsa m'dziko la Amaravi. Naye David Livingstone anafikako mu 1856 akuchokera kumadzulo.

Amene ali ndi tsiku lathunthu angathe kupita ku Boroma, kumtunda kwa mtsinje, kumene ansembe a Chijezuwiti anayambitsa mishoni m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chake chili pachitunda ndipo chimaonekera patali. Ndi bwino kulawirira ndi kutenga madzi akumwa, pakuti dzuwa la ku Tete silinyengerera munthu.

Nyumba zakale sizikhala mpaka kalekale. Mvula imakokolola, mizu ya mitengo imang'amba makoma, nawo okalamba odziwa nkhani zake akutha. Mwana wa ku Chifunde amaphunzira za Apwitikizi m'buku, chonsecho makoma enieniwo ali pamsewu umene makolo ake amadutsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo lopita ku Tete litatengako mwana mmodzi n'kupatula ora limodzi, mwanayo adzabwera ndi nkhani yosimbira anzake kusukulu.